Msongolo ukupweteka pomwe mayeso a kosi ya usajeni ayandikira: ndinene kapena ndipirire?

Kopolo_Jombo:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Dzina langa latuluka pa mndandanda wa opita ku kosi ya usajeni, koma tisanalowe pali mayeso a thupi: kuthamanga makilomita 2.4 pa nthawi yoikika, kenako kuguba ndi katundu kumsana. Kwatsala masabata 6. Vuto ndi mwendo wakumanzere. Msongolo unayamba kupweteka nditawonjezera kuthamanga pokonzekera mayesowa. Poyamba thupi likatentha ululu unkatha. Pano ukupweteka ngakhale pokwera masitepe, ndipo usiku ukumandidzutsa. Kuchipatala sindinapiteko. Ndikuopa kuti akandilembera ntchito zopepuka, dzina langa lifufutidwa, chonsecho kosiyi ndaidikira nthawi yaitali. Kukumvekanso kuti ena mwa ife tisankhidwa kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations. Ndipirire mpaka mayeso adutse?

Liwiro:
Achimwene, imeneyo ndi shin splints basi, ululu wa m'mphepete mwa msongolo wobwera ndi kuthamanga kwambiri, tonse tinadutsamo. Brufen m'mawa, madzi oundana madzulo, bandeji pothamanga. Masabata 6 si ambiri. Mukangoonekera kwa dokotala pano, malo anu mwampatsa wina.

Mediki_Wamkulu:
A Liwiro, pepani, koma uphungu umenewo ungamuthyolere mwendo mnzathuyu. Mawu awiri m'nkhani yakeyi andiimitsa mutu: masitepe ndi usiku. Shin splints kawirikawiri imapweteka pothamanga, munthu akapuma n'kuleka. Ululu womupeza munthu ali gone ndi nkhani ina.

A Kopolo, khalani pansi, yendetsani chala pa fupa la msongolo kuyambira pansi pa bondo mpaka pa akakolo, mukudinikiza. Ngati ululu uli womwazika m'mphepete mwa fupa chakumkati, pamalo aatali pafupifupi chikhatho, nthawi zambiri ndi shin splints. Koma ngati uli pamalo amodzi oti mungaphimbe ndi chala chimodzi kapena ziwiri, tiganizire za stress fracture, mng'alu wa fupa.

Zimachitika motere. Fupa ndi lamoyo, thupi limagumula mbali zake zotopa n'kumanga zatsopano tsiku ndi tsiku. Mukawonjezera mtunda ndi katundu mwadzidzidzi, kugumula kumayenda msanga kuposa kumanga, ndipo timing'alu ting'onoting'ono timalumikizana. Zili ngati waya amene ukumupinda uku ndi uku: saduka tsiku loyamba, koma akuduka. Matendawa ndi athu asilikali kuyambira kale. Mu 1855 dokotala wa asilikali a ku Prussia, Breithaupt, analemba za mapazi otupa ndi opweteka a asilikali obwera koguba mtunda wautali, ndipo makina a ekisire atabwera zinadziwika kuti anali mafupa ong'aluka.

Brufen sachiritsa fupa. Amangotseka pakamwa ululu umene ukukuuzani kuti muime.

Kopolo_Jombo:
Ndayesa, a Mediki. Ndi pamalo amodzi, chakumkati, m'munsi ndithu. Pali kotupa pang'ono. Ndayesanso kudumpha ndi mwendo umenewo wokha, ndalephera.

Mediki_Wamkulu:
Musadumphenso. Mawa m'mawa kaonaneni ndi dokotala, ndipo mukanene zonse monga mwanenera pano, makamaka za usiku ndi za malo amodziwo. Dziwiranitu kuti ekisire yoyamba ingathe kutuluka yopanda kanthu, chifukwa mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka m'masabata awiri kapena atatu oyambirira. MRI, makina ena ojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane, imauona msanga. Kumene MRI kulibe, dokotala amakupumitsani n'kudzajambulanso patapita masabata angapo. Ndiye wina asakuuzeni kuti ekisire yayera, bwererani kothamanga.

Chokulimbitsani mtima ndi malo amene mwatchulawo. Mng'alu wa chakumkati kwa msongolo umapola bwino, nthawi zambiri m'masabata 6 mpaka 8 osathamanga. Woopsa ndi wa kutsogolo kwenikweni, pakati pa fupa, umene umachedwa kwa miyezi ndipo nthawi zina umafuna opaleshoni. Koma ngakhale wopola bwinowo, mukauguba ndi katundu, fupa likhoza kudukiratu.

Liwiro:
Za fupa ndamva, sinditsutsa. Koma za kosi bwanji? Ife timadziwa mmene zimakhalira. Ukalembedwa ntchito zopepuka anthu amayamba kukuyang'ana ngati wathawa. Ndipo mndandanda ukadutsa, wina sudziwa utuluka liti.

Sajeni_Meja_Wopuma:
Funso la a Liwiro ndi loona, tisalinyalanyaze. Mphwanga Kopolo, ndimve bwino.

Kosi ya usajeni si malo ochirirako. Kumeneko umayenda ndi katundu pafupifupi tsiku lililonse, umagona pang'ono, ndipo akukuyesa potsogolera anzako uli wotopa. Ngati mwendowo ukulephera masitepe lero, sumaliza. Tsono taona kusiyana kwake pa fayilo. Munthu amene sanalowe kosi chifukwa dokotala anamuletsa, pamakhala kalata ya dokotala, ndipo dzina lake likhoza kusamutsidwira ku gulu lotsatira. Munthu amene analowa n'kubwezedwa pakati, kapena amene analephera mayeso olowera popanda chifukwa cholembedwa, pamalembedwa kuti anabwezedwa kapena analephera. Patapita zaka, a bodi yokweza maudindo sakudziwa nkhope yako, sakudziwa kuti unapirira ululu wotani. Akuwerenga pepala.

Pa utumiki wanga ndinaona asilikali abwino atatsalira pa udindo umodzi, osati chifukwa chovulala, koma chifukwa kuvulalako sikunalembedwe paliponse. Zimandipweteka mpaka pano, chifukwa ena mwa iwo anali olimba kuposa amene anakwezedwa.

Chita izi. Ukangochoka kwa dokotala, usadikire kuti nkhani ifike yokha kwa akuluakulu. Pita kwa sajeni wa pulatuni yako ndi kalatayo, upemphe kuonana ndi mkulu wa pulatuni. Lemba kalata yaifupi yodutsa m'njira yake: kuti unasankhidwa kupita ku kosi, kuti dokotala wakuletsa kuthamanga mpaka tsiku lakuti, kuti ukupempha kuikidwa m'gulu lotsatira, ndipo kuti udzalemba mayeso a thupi dokotala akakumasula. Wopempha yekha tsiku lodzayesedwa palibe angamutche wothawa.

Kalaliki_wa_Mafayilo:
Ndiwonjezereko za mapepala, poti ndi ntchito yanga. Pouza dokotala, nenani momveka kuti ululu unayamba pa maphunziro a ntchito, pokonzekera mayeso amene munalamulidwa. Onetsetsani kuti zalembedwa choncho, ndi tsiku lake. Ngati gulu lanu lili ndi fomu ya kuvulala pa ntchito, idzazeni tsopano, mboni zikadalipo. Mawa mwendowo ukadzavuta mpaka kufika ku bodi ya madokotala, funso loyamba lidzakhala lakuti kodi kuvulalaku kunabwera chifukwa cha utumiki kapena ayi, ndipo za chipukuta misozi ndi penshoni zimatsamira pa yankho limenelo. Pepala lililonse lijambuleni pa foni ndipo sungani kope lanu. Mafayilo amasochera anthu akamasamutsidwa.

Za ku United Nations: musananyamuke mumapimidwa, ndipo mumasaina kuti zimene mwanena za thanzi lanu ndi zoona. Mukabisa n'kukathyokera kumeneko, akakubwezani, ndipo vuto likapezeka kuti munapita nalo kale, chipukuta misozi chingathe kukanidwa.

Mlongo_wa_Siginolo:
Achimwene, pitani ndithu. Ndilankhuleko kwa azimayi anzanga amene akuwerenga, chifukwa ife vutoli limatigwira kwambiri kuposa amuna, ndipo timabisa kwambiri poopa kunenedwa kuti ntchito yatikulira. Ngati ukuchita masewero olimba koma ukudya mosakwanira, mwina pofuna kutsitsa sikelo mayeso asanafike, ndipo msambo wayamba kudumpha kapena wasiya, mafupa ako akufooka. Kauze dokotala zimenezo, si zamanyazi. Chinanso: ululu wa m'mphechepeche kapena wa m'chiuno umene ukukutsimphinitsa pothamanga usaupirire ngakhale tsiku limodzi. Ukhoza kukhala mng'alu wa khosi la fupa la ntchafu, ndipo limenelo likaduka, utumiki wa munthu umathera pomwepo nthawi zina. Kafukufuku wa mu 2008 pa azimayi olowa kumene usilikali wa pamadzi ku United States anapeza kuti amene ankapatsidwa calcium ndi vitamini D anang'aluka mafupa mocheperapo ndi pafupifupi 20 peresenti. Funsani dokotala ngati n'zoyenera kwa inu. Ndipo a Kopolo, ngati mumasuta, ino ndiyo nthawi yosiya, fodya amachedwetsa fupa kupola.

Kopolo_Jombo:
Ndabwerako. Ekisire sinaonetse kanthu, monga munanenera, koma dokotala atadinikiza pamalopo anati akuutenga ngati mng'alu. Wandiletsa kuthamanga, kuguba, kunyamula katundu ndi kuima nthawi yaitali pa perete, ndipo adzandijambulanso pakatha masabata atatu. Tsopano pabuka china. Sajeni wathu wamva kuti ekisire ndi yoyera, ndiye wandiika pa mndandanda wa oguba Lachisanu. Akuti palibe chothyoka, ndipo akuti ndisamale chifukwa kunamizira kudwala ndi mlandu. Ndikane? Sindikufuna mlandu wokana lamulo pamwamba pa zonsezi.

Kaputeni_wa_Zamalamulo:
A Kopolo, malamulo amasiyana gulu ndi gulu, choncho werengani lamulo la asilikali la dziko lanu ndi malamulo okhazikika a gulu lanu. Koma mutu wake ndi wofanana m'maiko ambiri.

Kunamizira kudwala ndi mlandu ndithu. Ku United Kingdom uli mu gawo 16 la Armed Forces Act ya 2006, ku United States uli mu Article 83 ya malamulo awo a asilikali. Koma konseko mtima wa mlanduwo ndi cholinga chozemba ntchito: munthu akunamizira kudwala, kapena akudzivulaza dala, kuti athawe utumiki. Inu muli ndi kalata ya dokotala wa gulu amene anakupimani yekha, ndipo mukupempha kupita ku kosi yovuta kuposa ntchito imene muli nayo pano. Palibe mlandu pamenepo. Amene amagamula ngati mukudwala ndi dokotala, osati wowerenga ekisire pa khonde.

Koma musadikire Lachisanu kuti mukakane pamzere, pamaso pa anthu. Pamenepo ndi pamene munthu wolungama amadzipezera mlandu wachipongwe kapena wosamvera. Yendani lero. Mupatseni sajeni kope la kalatayo mwaulemu, mumuonetse pamene palembedwa kuti musagube. Akaumirira, pemphani kuonana ndi mkulu wa pulatuni, chimene ndi ufulu wanu. Bwererani kwa dokotala mumuuze kuti mwaikidwa pa mndandanda. Kawirikawiri foni imodzi yochokera kwa dokotala kupita kwa mkulu wa kampani imathetsa nkhani yonse, chifukwa palibe mkulu amene amafuna kudzayankha chifukwa chake msilikali wokhala ndi kalata yoletsa anathyoka mwendo ali m'manja mwake. Njira yodandaula molemba ilipo m'magulu ambiri, koma imeneyo isungeni ngati zonsezi zakanika. Lembani m'kabuku kanu tsiku, nthawi, ndi amene munalankhula naye.

Sajeni_Meja_Wopuma:
Bwana Kaputeni anena zonse. Ndingoti, mphwanga, usamutenge sajeniyo ngati mdani. Mwina anaonapo ena ozembadi, ndipo za ekisire yochedwa kuonetsa sakuzidziwa. Mufotokozere muli awiri. Udzipereke pa ntchito zimene ungathe: kuphunzitsa mapu ndi kampasi, kusamala zida, kulemba ndandanda ya alonda. Zonsezo ndi ntchito za usajeni zomwe ukupita kukaphunzira.

Liwiro:
Za ekisire yosaonetsa msanga ndazimva lero. Pali mnyamata wina m'gawo mwathu akutsimphina chimodzimodzi, mawa ndimuperekeza kuchipatala.

Kopolo_Jombo:
Zatheka. Dokotala anaimba foni, dzina langa lachotsedwa pa oguba. Mkulu wa pulatuni wasaina kalata yanga ndipo waitumiza mmwamba atalembapo kuti akuvomereza ndilowe gulu lotsatira. Makope onse ndasunga. Chatsala n'chakuti ndisafooke. Ndingachite chiyani osavulaza mwendowu?

Mphunzitsi_wa_PT:
Zambiri, bola dokotala avomereze chilichonse musanayambe. Mphamvu ya mtima ndi mapapo imayamba kutsika munthu akangokhala masabata awiri kapena atatu, koma imasungika bwino ndi kupalasa njinga, kusambira, kapena kuthamanga m'madzi akuya mapazi osagunda pansi. Chitani zimenezi kanayi pa sabata, ndipo masiku ena muzichita mothamangitsa kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kupuma, n'kubwereza. Ma push-up, kudzikweza pa chitsulo ndi zolimbitsa mimba pitirizani. Chilichonse chimene chadzutsa ululu pamalo paja, chisiyeni tsiku lomwelo.

Kubwerera kothamanga kuli ndi khomo lake. Dokotala akumasuleni kaye, pamalopo pasamapweteke mukadinikiza, ndipo muzitha kuyenda mwachangu mphindi 30 popanda ululu, tsiku limenelo ndi mawa lake lomwe. Mukatero yambani ndi mphindi imodzi yothamanga, zinayi zoyenda, pa udzu kapena dothi losalala, mutavala nsapato zothamangira, osati jombo. Muzidumphitsa tsiku. Wonjezerani chinthu chimodzi pa nthawi: mtunda poyamba, liwiro pambuyo, katundu kumapeto, ndipo katunduyo muyambe ndi wosakwana theka la wa pamayeso. Limbitsaninso katumba ndi minofu ya m'chiuno, chifukwa ndi imene imachepetsa kugunda kofika pa fupa.

Tsiku la gulu lotsatira likadziwika munditumizire, tiwerengere masabata chobwerera m'mbuyo, tione pamene kuguba ndi katundu wathunthu kuyenera kuyambira.