Laimu wa dolomite: tigule kapena tisagule?

Wa ku Chimwadzulu: Akuluakulu, m'minda ina ya m'mphepete mwa phiri kuno chimanga chimapinimbira ngakhale chithiridwe feteleza kawiri. Ena akuti mankhwala ake ndi laimu wa dolomite, ufa wa miyala wochepetsa asidi m'dothi. Ndalama siipita pachabe?

Wa ku Lizulu: Gulani achimwene. Dothi lofiira la kumapiri limakonda kukhala ndi asidi. pH (muyeso wa asidi, womwe umatsika asidi akamachuluka) ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu amawononga nsonga za mizu ndipo fosiforasi wa mu feteleza amamangika m'dothi. Wazani miyezi iwiri kapena itatu musanabzale, musakanize ndi khasu kuya masentimita 15 mpaka 20. Wongowaza pamwamba satsika msanga.

Mlangizi: Mwanena zoona mayi, koma Chimwadzulu ndi pena. Paphiri lija, pomwe amakumba ruby ndi sapphire, pali miyala yobiriwira moderako, yoterera ngati sopo, yotchedwa serpentine. Dothi lochokera ku miyala yotere silikhala ndi asidi wambiri. Vuto lake ndi magnesium wochuluka kuposa calcium, kuphatikizapo zitsulo za nickel ndi chromium, pomwe potaziyamu ndi fosiforasi ndi ochepa. Mizu imayamwa magnesium, calcium n'kusowa, masamba anthete n'kumatuluka opiringizika. N'chifukwa chake pa mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dyke ku Zimbabwe nkhalango ya miombo imalekeza pomwe serpentine wayambira, kutsogolo n'kukhala udzu ndi tizitsamba tina tosapezeka kwina kulikonse. Tsono dolomite mwini wake ali ndi magnesium. Mungagule matenda omwewo ndi ndalama zanu.

Wa ku Lizulu: Komatu si munda uliwonse kumeneko uli pamiyalayo, bambo.

Mlangizi: Eya, n'chifukwa chake ayambe apimitsa. Tapani dothi malo 15 kapena 20 mokhotakhota m'munda monse, kuya masentimita 20, musakanize mu ndowa yapulasitiki yoyera, muumitse pamthunzi, mutengeko theka la kilogalamu kupita nalo ku Chitedze, malo ofufuzira za ulimi. Muwauze apime calcium ndi magnesium, osati pH yokha.

Wa ku Tsangano: Magnesium akapezeka wambiri, gulani ufa wina wa miyala wotchedwa gypsum. Amapereka calcium osakweza pH. Manyowa owola bwino nawonso amachepetsa ukali wa nickel. Ndipo ngati mudzabzalamo kachewere, samalani: laimu akachuluka mbatatesi zimachita nkhanambo pakhungu, ogula pamsika amazikana.

Wa ku Chimwadzulu: Zikomo akuluakulu. Dothi la kumtunda ndi la kumunsi tisakanize?

Mlangizi: Ayi, lililonse m'jumbo yakeyake, mulembepo malo ake.