Kandalama kanga ka kadzidzi: nkenikeni kodi?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndagula ndalama yasiliva ya Agiriki akale. Mbali imodzi kuli mutu wa Athena, mulungu wamkazi wa Agiriki, atavala chisoti, mbali inayo kuli kadzidzi, kanthambi ka azitona, kamwezi ndi zilembo ΑΘΕ. Chandidetsa nkhawa nchakuti pamutu pa kadzidziyo pali chibala chakuya, ngati anachita kutema ndi chizelo. Kodi andipusitsa?

Yankho 1: Mtima m'malo, achimwene. Imeneyo ndi tetradrachm, ndalama ya madrakima anayi, ya mumzinda wa Athens. Chibalacho ankatema ndi amalonda akale pofuna kuona ngati m'kati simunabisike mkuwa. Ikani pasikelo, izilemera pafupifupi magalamu 17.2. Kenako yang'anani diso la Athena. Likakhala lathunthu ngati akukupenyani maso ndi maso, pomwe nkhope yayang'ana kumbali, ndiye kapangidwe ka zaka za m'ma 400 BC.

Yankho 2: Sikelo yokha siyokwanira. Tengani galasi lokulitsa zinthu muone m'mphepete. Zenizeni ankazidinda pomenya ndi nyundo, pomwe zambiri zachinyengo amachita kuthira m'chikombole, ndiye zimasiya kamzere m'mbali ndi timaenje pamwamba. Chonde musaikweche, kuda komwe siliva wakale amakhala nako nkofunika.

Wofunsa: Yalemera 17.1, kamzere kulibe, disonso ndi lathunthu. Mtima wanga wakhala pansi, zikomo kwambiri!