Mufilimu yachikondi, mnyamata ndi mtsikana angathere pa chinzake basi?

Mlembi wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndithandizeni. Nkhani yanga ndi ya mnyamata ndi mtsikana ogwira ntchito shopu imodzi ku Limbe, ndipo ndikufuna akhale anzawo mpaka mapeto. Koma aliyense wowerenga sikiriputi akufunsa kuti chinkhoswe chili liti. Ndikulakwitsa pati?

Nachisale:
Zimatheka achimwene, koma owonera adazolowera kale zina. Filimu ya ku America ya When Harry Met Sally ya 1989 idafunsa funso lomweli, n'kudzathera powakwatitsa awiriwo. Ndiye yang'anani poyambira. Tsamba limodzi la sikiriputi ndi pafupifupi mphindi imodzi, ndipo mwa masamba 90, oyamba 10 ndiwo amauza munthu zoti ayembekezere. Mukawakumanitsa koyamba m'minibasi, wina n'kumulipirira mnzake chifukwa kondakitala alibe chenji, basi mwalonjeza ukwati. Filimu iyambe akudziwana kale, akukangana za sitoko yosowa.

Chachiwiri, aliyense akhale ndi chake chomusowetsa tulo. Mtsikanayo akusunga ndalama ku banki m'khonde kuti atsegule saluni ku Chilomoni, mnyamatayo ali ndi chibwenzi chake. Apa ndi pomwe ambiri amagwera: chibwenzicho amachilemba chankhanza kapena chokonda ndalama, owonera n'kuyamba kupempherera kuti chithe. Chikhale cha munthu wabwino, woti tikamuona tizimufunira zabwino.

Che Kamera:
Kamera nayonso imafunsira mbeta. Close-up ya maso (kujambula pafupi kwambiri) ikachedwa masekondi angapo, wina atasiya kale kulankhula, ndi chikondi chimenecho ngakhale mawu ake akhale a mitengo ya shuga. Ajambuleni onse awiri mu shoti imodzi yotakasuka, manja ali pa ntchito, makasitomala akudutsa. Pewani dzuwa lolowera ku Michiru, ambulera imodzi pamvula, ndi kapiyano kapansipansi. Pa editing (podula ndi kulumikiza zomwe mwajambula) dulani msanga akangomaliza mawu.

Mayi a Chisomo:
Ndikugwirizana nanu, koma musaiwale kuti kuno anthu sangaone awiri akudyera limodzi chiwaya n'kukhala chete. Miseche ilowe m'filimumo. Amayi ake a mnyamata afunse ngati ameneyu ndiye mpongozi, anzake azimutchula mtsikanayo kuti alamu. Kenako awiriwo akambirane kamodzi, momveka, cha pakati pa filimu, nkhaniyo itsekedwe.

Musathawire kuwasandutsa asuweni. Pachisuweni anthu amaserewulana kuti “mkazi wanga”, ndipo kumudzi ena ankakwatirana ndithu, ndiye chikayiko chingowonjezeka.