Mabotolo aja penti yagwira tsopano

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake penti inkasupuka pa mabotolo agalasi omwe ndinkafuna kuikamo maluwa. Zikomo nonse amene munandipatsa nzeru. Vuto linali mafuta a m'manja ndi zomatira za pepala zotsalira pagalasi. Ndinawaviika m'madzi otentha a sopo, n'kuwapukuta ndi spiriti, kenako n'kukwecha pang'ono ndi sandipepa kuti penti ipeze pogwira.

Poyamba paja ndinkapaka yambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake inkayenderera. Ulendo uno ndapaka mopyapyala katatu, kudikira kuti iume kaye ndisanabwereze. Patatha maola 24 ndinakanda ndi chikhadabo, osasupuka ngakhale pang'ono! Atatu ali pawindo, ndipo labuluu lija limawala mokongola dzuwa likamalowa. Mkati sindinapakemo, poti mumakhala madzi.