Achimwene asiya kachasu, kodi chiwindi chawo chingabwerere mwakale?

Membala wobisa dzina, Chinamwali:
Moni nonse. Achimwene anga, a zaka 46, akhala akumwa kachasu zaka zoposa 15. Mwezi watha maso awo anachita chikasu, kuchipatala anati chiwindi chatupa, asiye mowa. Asiyadi, pano ndi masabata atatu. Kodi chiwindi chimachira? Anzawo akuti masese alibe vuto poti ndi chakudya, ndipo wina akutitsatsa mankhwala a m'botolo otsuka chiwindi. Ine ndine mlongo wawo, ndithandizeni nzeru.

Namwino, Matawale:
Achemwali, kuchira kumatengera pomwe matenda afika. Poyamba mowa umadzaza mafuta m'chiwindi. Apa munthu akasiyiratu, mafutawo amachoka m'masabata 4 mpaka 6. Akapitiriza, chiwindi chimatupa, chikasu n'kuonekera. Chotupacho chimachira koma zimatenga miyezi, ndipo kutupa kukakula kumapha. Mapeto ake ndi cirrhosis, pamene chiwindi chakhwinyata ndi zipsera. Zipsera zokhwima sizichoka, komabe mbali yotsalayo ingamusunge munthu zaka zambiri ngati mowa sukubweranso.

Ndiye dziwani kaye pomwe afika. Ku Zomba Central Hospital pemphani kuyeza magazi a chiwindi: ALT ndi AST (zosonyeza kuvulala kwa chiwindi), bilirubin (yomwe imachititsa chikasu) ndi albumin (puloteni yopangidwa ndi chiwindi), kuphatikizapo ma platelet (tizigawo tothandiza magazi kuundana), komanso sikani ya m'mimba. Sungani zotsatira m'buku lawo lakuchipatala, akayezenso pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Bilirubin ikamatsika, albumin n'kumakwera, zikuyenda. Musatengeke ndi ALT yokha, chifukwa pa cirrhosis nthawi zina imaoneka yabwinobwino.

Za masese zija ndi bodza la pa bawo. Chiwindi sichisankha kuti uwu ndi kachasu, uwu ndi masese. Ngakhale thobwa logonera lomwe layamba kuwira alisiye.

Clinical officer, Domasi:
Ndiwonjezere pa zomwe anena amayiwa. Kuno kwathu tisamangoloza mowa wokha. Ayezetse hepatitis B ndi HIV. Munthu wa hepatitis B yemwe amamwanso mowa chiwindi chake chimatha msanga, koma mankhwala a hepatitis B alipo, tenofovir, yemwenso ali mu ma ARV a TLD. Ngati ankasodza kapena kusamba ku Chilwa, monga ku Kachulu, auzeni adokotala. Likodzo la m'matumbo limaikira mazira omwe amakakamira m'mitsempha ya chiwindi, kapamba n'kutupa, ndipo anthu amangoti ndi mowa. Praziquantel amapha tizilomboto.

Botolo lotsukalo musagule. Palibe mankhwala otsuka chiwindi, ndipo zitsamba zosadziwika mlingo ndi zomwe zimamalizitsa chiwindi chodwala kale. Brufen, diclofenac ndi aspirin ayi, zimayambitsa kutaya magazi m'mimba ndi kuwononga impso. Mutu ukawawa Panado ali bwino, koma asapitirire mapiritsi 4 a 500mg pa tsiku. Akapezeka ndi TB anene msanga za chiwindichi, mankhwala a TB ena amachilemetsa.

Membala wobisa dzina, Chinamwali:
Zikomo kwambiri. Nanga chakudya? Ena akuti asamadye nyama ndi mazira.

Namwino, Matawale:
Amenewo ndi malangizo akale. Anthu omwa kwambiri amakhala operewera zakudya m'thupi, ndiye akufunika zomanga thupi tsiku lililonse: mazira, nyemba, usipa, matemba, nyama ya soya, mkaka. Adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndipo asanagone amwe phala la Likuni. Chiwindi chodwala sichisunga shuga wokwanira usiku wonse, choncho thupi limayamba kudya minofu yake. Mtedza ndi chimanga zachuku tayani, chuku chimenecho chili ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amayambitsa khansa ya chiwindi.

Mimba kapena miyendo ikayamba kutupa madzi, mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi pa tsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo, timakyubu tokometsera ndi soda wa m'therere. Spironolactone, mankhwala ochotsa madziwo m'thupi, alembe ndi dokotala, poti amafuna kuyeza impso.

Thamangani nawo kuchipatala, ngakhale usiku, akasanza magazi, akachita chimbudzi chakuda ngati phula, akayamba kusokonezeka kapena kugona usana n'kumachezera usiku, kapena akatentha thupi mimba ili yotupa.

Bambo wa ku Thondwe:
Bambo anga akumwabe tsiku lililonse, m'mawa amanjenjemera mpaka atalawa. Ndiwabisire ndalama asiye lero lomwe?

Clinical officer, Domasi:
Ayi akulu, otere sasiyira kunyumba mwadzidzidzi. Kunjenjemera kumayamba pakatha maola 6 mpaka 24, kukomoka ngati khunyu kumatha kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo tsiku lachitatu ena amabwebweta n'kumaona zinthu zomwe palibe. Zimenezi zimapha. Apite kuchipatala akapatsidwe diazepam (mankhwala oletsa kunjenjemera ndi kukomoka) wochepetsedwa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Za chilakolako cha mowacho kafunseni ku Zomba Mental Hospital. Kumeneko amathandizanso omwe akodwa ndi mowa, si a misala okha ayi.