Ridimu imodzi oimba ambiri, nanga wolipira ndani?

ChawamaBeats: Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitudiyo ku Chawama mu Lusaka, ndapanga ridimu (biti yopanda mawu) ya dancehall ndipo anyamata 8 akufuna kuimbapo aliyense nyimbo yake. Manje iwo akuti ndiwalipire poti akundikwezera dzina, ine ndikuti kompyuta ndi yanga, mayunitsi a magetsi ndimagula ndekha, ndiye wolipira mnzake ndani apa?

Mudala_wa_Matero: Iwe mwana, ridimu ndi ya amene waipanga basi. Ku Jamaica komwe zinachokera ndi mmene zimayendera. Ridimu ya Sleng Teng inatuluka 1985 kwa King Jammy, biti yake anaitenga mu kakiyibodi ka Casio, mpaka lero oimbapo sungawawerenge. Diwali ya 2002 ndi ya Lenky Marsden, Sean Paul ndi Wayne Wonder aliyense anagunda nayo dziko lonse pa biti imodzimodziyo. Koma usaike onse 8 pa mtengo umodzi. Wodziwika kale umamupatsa kangachepe kapena aimbe ulere chifukwa ndi amene akoke anthu, ongoyamba kumenewo alipire nthawi ya mu situdiyo.

NaTiza: Ine ndimapita ku Harare pafupipafupi pa za malonda, kumeneko ndiye nkhaniyi anaigwira. Chillspot Records ili mu mafulati a Matapi ku Mbare, a DJ Fantan ndi Levels, malo ake sungakhulupirire kuti hiti zimatuluka mmenemo, koma ridimu ikatuluka oimba amachita kuima pa mzere, Enzo Ishall anatchukira komweko 2018. Nyimbo zimayenda pa WhatsApp ndi pa maflashi a mu makombi, ukakwera umamva biti imodzi ulendo wonse oimba akungosinthana ndipo palibe wodandaula, ndalama amakaipeza ku mashoo. Kuno vuto lathu aliyense amafuna biti yakeyake, akangomva kuti mnzake waimbapo wakwiya ati mwandigulitsa. Ndiye auzetu msanga kuti ali 8.

Mudala_wa_Matero: Zoona mayi. China, anzathuwo anapambana chifukwa amaimba Chishona. Anyamata akowo asakakamire chiJamaika chomwe ngakhale iwo eni sakuchimva, aimbe Chinyanja, a Petersen Zagaze, oimba a kuno ku Zambia, anthu anawakondera chomwecho.

kondwa_zm: Zonsezo zili bwino koma lembani pa pepala boyi. Biti ndi ya ndani, mawu ndi a ndani, ikalowa pa YouTube kapena Boomplay ndalama mugawana bwanji, aliyense asaine asanayandikire maiki. Ukatero kalembetse ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo kuno ku Zambia. Lero muli kuseka limodzi, imodzi ikangogunda mudzaiwala kuti munakulira komboni imodzi.

ChawamaBeats: Zikomo bakamba. Mwa 8 aja wodziwikako ndi mmodzi yekha, enawo ndawauza alipire, awiri athawa kale kkkk. Alipo ali ndi chitsanzo cha pepala la mgwirizano anditumizireko ku inbox?