Mng'ono wanga amachita zinthu mopupuluma akapanikizika, ndimuthandize bwanji?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Mng'ono wanga amagulitsa usipa kuno ku Mangochi. Chaka chatha achipatala anatiuza kuti ali ndi vuto la m'maganizo lotchedwa borderline personality disorder. Mtima ukakhala m'malo ndi munthu wosamala, ngakhale K500 sawononga. Koma nkhawa ikamugwira, mutu suyenda.

Sabata yatha mwamuna wake anachedwa kuyankha foni ali kunyanja. Basi, iye anaganiza kuti wamusiya. Anagulitsa usipa wonse motaya, n'kukwera matola a ku Namwera madzulo omwewo, mpamba wonse atamanga pachitenje. M'mawa anabwera maso ali psuu, akudzida yekha. Achibale ena akuti walodzedwa, koma ine zimenezo ayi.

Anamwino anatifotokozera kuti kwa anthu otere mkwiyo ndi mantha osiyidwa zimakwera msanga n'kuchedwa kutsika, ndiye amangochita chilichonse kuti ululuwo uleke. Anatchulanso uphungu wotchedwa DBT (dialectical behaviour therapy), wophunzitsa munthu kuugwira mtima.

Kodi alipo amene anaupeza ku Zomba Mental Hospital kapena ku chipatala cha Saint John of God? Nanga akayamba kuwira mtima ndizimuuza chiyani? Ndikati "dekha" m'pamene amapseratu. Ndikamamusungira ndalama, sangaone ngati ndikumuyesa mwana?